Kuyendetsa relay kuchokera pa port ya kompyuta osaotcha kanthu

Port ya kompyuta sinapangidwe kuti izisenza katundu. Ntchito yake ndi kupereka chizindikiro: pini ikwere (ikhale ndi ma volt), pini itsike (ibwerere pa ziro), basi. Ambiri amene amafuna kuyatsa babu, fani kapena pampu kuchokera pa kompyuta amagwa pamalo amodzi. Amaona kuti relay, swichi imene imagwira magetsi akadutsa mu koyilo ya mkati mwake, yalembedwa 5V, pini ya port nayonso imatulutsa 5V, ndiye amalumikiza koyilo molunjika. Ma volt akufanana ndithu, koma nkhani yagona pa ma milliamp. Relay yaing'ono yabuluu ya Songle SRD-05VDC-SL-C, imene imapezeka pa mabolodi ambiri, koyilo yake ndi ya ma ohm pafupifupi 70 ndipo imakoka cha m'ma 70 mA. Pini ya parallel port pa makompyuta oyambirira a IBM, imene inkayendetsedwa ndi chip ya 74LS374, inkatha kutulutsa 2.6 mA yokha. Ngakhale ma port abwino otsatira muyezo wa IEEE 1284 wa mu 1994 amafika pa 14 mA. Choncho relay sigwira n'komwe, kapena chip imapsa. Ndipo pa makompyuta ambiri chip imeneyi inawotchereredwa pa motherboard, n'kukhala yomweyo imene imayang'aniranso serial port, kiyibodi ya PS/2 ndi mafani.

Njira imene ndikufotokoza pano imagawa ntchito yonse m'mbali zitatu zosakhudzana: mbali ya kompyuta, mbali ya koyilo, ndi mbali ya magetsi a pakhoma. Pakati pa yoyamba ndi yachiwiri pamadutsa kuwala kokha. Pakati pa yachiwiri ndi yachitatu pamadutsa mphamvu ya maginito yokha. Palibe waya wochoka mbali ina kupita mbali inzake.

Dziwani kaye port imene muli nayo

Parallel port, ija ya mabowo 25 imene kale tinkalumikizapo printer, ndiyo yosavuta kuposa zonse. Mapini 2 mpaka 9 ndi a data, D0 mpaka D7, ndipo iliyonse mukhoza kuikweza kapena kuitsitsa payokha. Mapini 18 mpaka 25 ndi ground, kobwerera magetsi. Manambala amalembedwa ting'onoting'ono pa pulasitiki ya pulagi. Yatsani tochi muwawerenge, musangoganizira, chifukwa pulagi yaimuna ndi yaikazi manambala ake amayenda motembenuzana mukaziyang'ana kumaso.

Musataye ndalama pa chingwe chosintha USB kukhala parallel. Zingwe zimenezi zimadzionetsa kwa kompyuta ngati printer, ndipo sizilola kulamula pini imodziimodzi. Ngati kompyuta yanu ilibe port, khadi ya PCI kapena PCIe ndiyo ingathandize.

Serial port ya mapini 9 ili ndi mapini awiri oti mungawalamule mosavuta: DTR pa pini 4 ndi RTS pa pini 7, ground ili pa pini 5. Ndibwereranso kwa iyo kutsogoloku chifukwa ili ndi msampha wakewake. USB payokha ilibe pini yoti muikweze kapena kuitsitsa. Imapereka 5V, mpaka 500 mA pa USB 2.0, koma kuti mulamule relay pamafunika kachipangizo pakati, monga adaputa yosintha USB kukhala serial kapena kabolodi ka Arduino.

Musanagule chilichonse, tengani multimeter, kwezani pini 2 ndi pulogalamu, muyeze pakati pa pini 2 ndi pini 25. Ma port ena amapereka pafupifupi 5V, ena makamaka atsopano amangofika cha m'ma 3.3V. Nambala imeneyi ndiyo idzasankhe resistor yanu.

Zofunika kukhala nazo

Pa relay imodzi mufunika optocoupler ya PC817 (kachipangizo kodutsitsa chizindikiro ndi kuwala), transistor ya BC337, diode ya 1N4007, diode ya 1N4148, ma resistor a 4.7k ndi 10k, ndi ina ya 1k kapena 680 ohm malinga ndi zimene mwayeza. Mufunikanso relay ya 12V, mwachitsanzo SRD-12VDC-SL-C imene koyilo yake ndi ya 400 ohm ndipo imakoka 30 mA, pamodzi ndi adaputa ya 12V yakeyake. Ine ndimakonda relay ya 12V kuposa ya 5V pa ntchito imeneyi pa zifukwa ziwiri: imakoka magetsi ochepa, komanso imakuchotserani chiyeso chotenga magetsi a koyilo pa USB ya kompyuta yomweyo.

Mbali ya kompyuta

Mkati mwa PC817 muli LED yaing'ono yoyang'anizana ndi transistor yomva kuwala. LED ikayaka, transistor imatsegula njira. Palibe chitsulo cholumikiza ziwirizi, ndipo opanga amati mpata umenewu umapirira 5000V. Kachipangizoka kali ndi miyendo inayi. Pezani kadontho pamsana pake: mwendo wa pa kadonthoko ndi pini 1, anode. Pini 2 ndi cathode, ili mbali yomweyo. Kutsidya kuli pini 3, emitter, moyang'anizana ndi pini 2, ndi pini 4, collector, moyang'anizana ndi pini 1.

Lumikizani pini 2 ya port ku resistor, resistor ku pini 1 ya PC817, kenako pini 2 ya PC817 ku pini 25 ya port. Mbali ya kompyuta yathera pomwepa.

Masamu ake ndi achidule. LED ya mkatimo imadya pafupifupi 1.2V. Ngati port yanu imapereka 5V, patsala 3.8V, ndipo resistor ya 1k ilola 3.8 mA. Ngati imapereka 3.3V, patsala 2.1V, ndipo 680 ohm ilola cha m'ma 3 mA. Katundu wotereyu port imamunyamula osatopa. Musachepetse resistor poganiza kuti relay igwira mwamphamvu. Mphamvu ya relay sichokera kuno ayi.

Mbali ya koyilo

Kuchokera pa positive ya adaputa ya 12V, pitani ku resistor ya 4.7k, kenako ku pini 4 ya PC817. Pini 3 ya PC817 ipite ku base ya BC337. Ikani resistor ya 10k pakati pa base ndi negative ya adaputa. Ntchito yake ndi kusunga transistor yotseka pamene LED yazima, kuti tiphokoso ta magetsi tisaitsegule. Emitter ya BC337 ipite ku negative ya adaputa, collector ku mwendo umodzi wa koyilo, ndipo mwendo wina wa koyilo ku positive.

Kodi ka 3 mA ka ku port kakwanira? PC817 yofooka kwambiri imatulutsa pafupifupi theka la zimene zalowa mu LED, tinene 1.5 mA. BC337 imachulukitsa magetsi a pa base nthawi 100 kapena kuposa, pamene koyilo ikungofuna 30 mA. Mpata ulipo wambiri, ndipo transistor itseguka kotheratu osatentha.

Samalani miyendo ya transistor. Mukaigwira BC337 kapena BC547 nkhope yafulati ikuyang'ana inu, miyendo ili pansi, kuchokera kumanzere ndi collector, base, emitter. Koma 2N3904 ndi PN2222A, zimene zimaoneka chimodzimodzi, zimayenda mosiyana: emitter, base, collector. Transistor yotembenuzidwa nthawi zina imagwirako pang'ono, relay n'kumanjenjemera, munthu n'kutha tsiku lonse akusakasaka vuto mu pulogalamu.

Tsopano diode ya 1N4007, imene siyenera kusowa ngakhale pa kuyesa kwa mphindi imodzi. Iikeni modutsa koyilo, pafupi kwambiri ndi miyendo ya relay, mbali ya mzere woyera ikuyang'ana ku positive. Pamene relay yagwira, diode siichita kanthu, ingokhala. Ntchito yake imabwera pa kamphindi kozimitsa. Koyilo imasunga mphamvu mu maginito, ndipo magetsi oyenda mu koyilo safuna kuima mwadzidzidzi. Zili ngati madzi othamanga mu paipi mukatseka mpopi kamodzin'kamodzi: paipi imagunda chifukwa madziwo alibe kolowera. Transistor ikatseka, koyilo imakweza ma volt kufunafuna podutsa, ndipo amatha kupitirira kutali 45V imene BC337 imapirira. Diode imapatsa magetsiwo njira yozungulira mu koyilo momwemo mpaka atatha, ndipo collector sikwera kupitirira 12V ndi ka 0.7V pamwamba. Popanda diode, transistor ikhoza kugwira bwino kwa masiku kenako n'kufa, ndipo kawirikawiri imafa itashota, kutanthauza kuti relay imakhala yogwira osasiya. Mukaitembenuza diode, ndiye kuti transistor ikangotseguka mwashotetsa adaputa, ndipo diode kapena transistor ipsa nthawi yomweyo. Yang'anani mzerewo kawiri.

Chinthu chimene ndikufuna muchigwiritsitse ndi ichi: negative ya adaputa isakumane ndi ground ya kompyuta paliponse. Pali zithunzi zambiri za mawaya zimene zimaika optocoupler kenako n'kulumikiza ma ground onse pamodzi. Mukatero optocoupler yasanduka chokongoletsera, chifukwa vuto lililonse la mbali ya koyilo lapeza msewu wopita ku motherboard. N'chimodzimodzinso kutenga 12V pa waya wachikasu wa power supply ya kompyuta yomweyo. Zimagwira, koma chitetezo mwachichotsa.

Ngati mukufuna ma relay angapo, chip ya ULN2803 ili ndi ma transistor 8 pamodzi ndi ma diode ake mkati, iliyonse yopirira 500 mA. Pini 9 ipite ku negative, pini 10 ku positive ya koyilo. Mukaiwala pini 10, ma diode a mkatiwo sagwira ntchito. Chip imeneyi siilekanitsa mbali ziwirizi, ndiye ma optocoupler akhalepobe patsogolo pake. Mabolodi a relay ogula opangiratu ambiri ali ndi optocoupler kale, koma amabwera ndi kajumper kolumikiza pini ya VCC ndi ya JD-VCC, imene imapatsa koyilo magetsi. Kachotseni, mupatse JD-VCC adaputa yakeyake. Dziwaninso kuti ambiri mwa mabolodi amenewa amagwira pini ikatsika, osati ikakwera.

Yesani kompyuta isanalumikizidwe

Poyamba adaputa isakhale pa magetsi. Ikani multimeter pa kuyeza ma ohm, ndodo imodzi pa waya wopita ku pini 25, inayo pa negative ya 12V, kenako pa positive. Mita isonyeze kuti palibe njira. Ikalira kapena kusonyeza nambala, pali pamene mtovu wowotcherera wadumphira, ndipo musapitirire mpaka mutapapeza.

Kenako yatsani adaputa. Relay ikhale chete. Tengani mabatire awiri a 1.5V olumikizana, positive ku waya wa resistor, negative ku waya wa pini 25. Mumve kulira kamodzi koyera, "tiki", ndipo mukachotsa batire mumvenso kamodzi. Relay ili chigwirire, yezani pakati pa collector ndi emitter: payenera kukhala pansi pa 0.3V kapena cha pomwepo. Mukapeza 2V kapena 3V, transistor sinatseguke mokwanira, mwina miyendo yatembenuka. Ikhudzeni ndi chala patatha mphindi zingapo, isatenthe.

Zonsezi zikayenda, zimitsani kompyuta, lowetsani pulagi, ndiyeno muiyatse. Parallel port sinapangidwe kuti muzilowetsa ndi kuzula kompyuta ili moyaka. Katundu woyamba pa relay akhale babu la 12V, osati chinthu cha pakhoma.

Pulogalamu

Mapini 8 a data amalamulidwa ndi nambala imodzi. D0 ndi 1, D1 ndi 2, D2 ndi 4, kumangowirikiza mpaka D7 imene ndi 128. Kukweza D0 ndi D2 pamodzi mumatumiza 5, kutsitsa zonse mumatumiza 0. Port ya pa motherboard kawirikawiri imakhala pa adiresi 0x378, imene ndi 888 m'manambala wamba, koma khadi ya PCI imapatsidwa adiresi ina imene muipeze mu Device Manager.

Nthawi ya DOS ndi Windows 98 pulogalamu inkatha kulemba molunjika ku adiresiyo. Windows NT, 2000, XP ndi zotsatira zake zimaletsa zimenezi, ndiye pamafunika driver monga inpout32.dll, imene imakupatsani lamulo la Out32. Pa Linux njira yabwino ndi /dev/parport0 kudzera mu ppdev. Ndi Python ndi pyparallel zimangokhala chonchi:

import parallel
p = parallel.Parallel()
p.setData(1)
p.setData(0)

Ikakana kutsegula port, kawirikawiri ndi chifukwa module ya lp, yoyendetsa printer, yaigwira kale, kapena dzina lanu mulibe mu gulu la lp.

Zimene port imachita inu musanailamule

Apa ndi pamene anthu ochuluka saganizapo. Kompyuta ikamayaka, BIOS (pulogalamu yodzutsa kompyuta) ndi operating system zimafufuza port, n'kumalembako manambala kuti zione ngati ilipo ndiponso ngati pali printer. Mapini amakwera ndi kutsika pulogalamu yanu isanayambe n'komwe. Ngati ku relay kuli babu, lingothwanima. Ngati kuli mota kapena makina odula, munthu akhoza kuvulala. Yatsani kompyuta yanu kangapo babu la 12V lili cholumikizidwa, muone ndi maso zimene imachita kuyambira pokanikiza batani mpaka pamene yamaliza kuyaka, ndiponso pozima.

Pali kanzeru kochepetsa vutoli. M'malo mopititsa cathode ya PC817 ku ground, ipititseni ku pini 4 ya port, imene ndi D2. Tsopano LED iyaka pokhapokha D0 ili pamwamba ndipo D2 ili pansi. Manambala amene amakonda kugwiritsidwa ntchito poyesa, monga 0, 255, 85 ndi 170, onse amaika D0 ndi D2 mofanana, choncho relay sigwira. Onjezerani 1N4148 pakati pa pini 1 ndi pini 2 za PC817, mzere wake ukuyang'ana ku pini 1, kuti iteteze LED pamene mapini atembenuzana. Komabe chodalirika kuposa zonse ndi swichi ya pamanja pa waya wa 12V, imene mumaiyatsa pulogalamu itayamba kale ndipo yatumiza 0.

Ganiziraninso za kompyuta ikaundana. Pini imakhala mmene inalili, ndipo relay yogwira imakhalabe yogwira. Chilichonse chotenthetsa chikhale ndi thermostat kapena chodulira chake chosadalira kompyuta, ndipo pampu yodzaza thanki ikhale ndi swichi yoyandama. Lumikizani katundu ku miyendo ya relay ya COM ndi NO, imene imakumana pokhapokha relay ikagwira, kuti magetsi a 12V akatha kapena waya akaduka, katunduyo azime. NC, mwendo umene umakumana ndi COM relay ikasiya, ndi ya zinthu zokhazo zimene kuzima kwake n'koopsa kuposa kuyaka.

Msampha wa serial port

Pa RS-232, muyezo umene serial port imatsatira, pini yozimitsidwa sikhala pa 0V. Imatsika mpaka pansi pa ziro, nthawi zambiri pakati pa -5V ndi -12V, pamene LED ya PC817 imangopirira 6V yobwerera kumbuyo. Choncho 1N4148 ija pano ndi yokakamiza, yolumikizidwa monga ndafotokozera. Resistor ikhale 2.2k ngati port imafika 12V, kapena 1k ngati ndi adaputa ya USB imene imathera cha m'ma 5V kapena 6V. Ndi pyserial mumalamula ndi ser.dtr kapena ser.rts. Dziwani kuti kungotsegula port kumakweza DTR ndi RTS pokhapokha mutazitsitsa musanatsegule, ndipo ngakhale mutatero ma driver ena amazikwezabe kwa kamphindi. Timabolodi ta FT232R, CP2102 kapena CH340 timene timatulutsa 3.3V kapena 5V timayenda motembenuza: DTR yolamulidwa kuti igwire imatsika kufika 0V.

Magetsi a pakhoma

Zonse zam'mbuyozi mukalakwitsa mutaya transistor kapena port. Pano mukalakwitsa mutaya moyo. Magetsi a 230V ngakhalenso a 120V amapha, ndipo ngati ntchito ikukhudza mawaya okhazikika a m'nyumba, aitanidwe wodziwa zamagetsi wovomerezeka. Ngati mukupanga bokosi lokhala ndi pulagi yake, tsatirani izi mosadumpha.

Relay idule waya wamoto, osati neutral. Mukadula neutral chipangizo chimazima ndithu, koma mkati mwake mumakhalabe moto, ndipo wochitsegula akuganiza kuti chazima amagwidwa. Waya wamoto adutse kaye pa fyuzi yolingana ndi katundu ndi kukula kwa waya, kenako ku COM, ndipo kuchoka pa NO apite ku chipangizo. Neutral ndi earth zidutse osadulidwa. Ngati bokosi ndi lachitsulo, limangiriridwe ku earth ndi bawuti. Soketi imene mukutengapo magetsi ikhale yotetezedwa ndi RCD ya 30 mA, chodulira chimene chimazimitsa magetsi akayamba kuthawira pansi.

Musaike magetsi a pakhoma pa breadboard, bolodi la mabowo loyeserapo osawotcherera. Pa bolodi la mizere ya kopa, mizereyo inayandikana kwambiri, ndiye palani yonse ya pakati kuti pakhale mpata wa 8 mm pakati pa mbali ya moto ndi mbali ya 12V. Pa relay za mtundu wa SRD mwendo wa COM uli pakati pa miyendo iwiri ya koyilo, ndipo mpata pamenepo ndi wochepa. N'chifukwa chake mabolodi abwino amabooledwa kamng'alu kuzungulira mwendowo. Tembenuzani bolodi lanu muone ngati kamng'aluko kalipo. Mawaya amangidwe ndi zomangira zoyenera, ndipo chingwe chigwidwe polowera m'bokosi kuti wina akachikoka asazule waya wamoto.

Nambala ya 10A 250VAC yolembedwa pa relay ndi ya katundu wofatsa ngati chotenthetsera. Mota ikamadzuka imakoka kangapo kuposa zimene zalembedwa pa iyo, ndipo mababu a LED ndi ma power supply amameza magetsi ambiri pa kamphindi koyamba podzaza ma capacitor awo. Zimenezi zimawotcherera timano ta relay pamodzi, n'kupezeka kuti relay ikulira koma chipangizo sichizima. Pa katundu wotere musapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a nambala yolembedwayo, ndipo pa mota yaikulu relay yanu ingoyatsa koyilo ya contactor (relay yaikulu ya katundu wolemera), contactor ndiyo isenze motayo. Ngati mukuona moto kuthetheka mkati mwa relay pozimitsa, kapena kompyuta ikusokonezeka nthawi imeneyo, ikani resistor ya 100 ohm motsatizana ndi capacitor ya 100 nF ya mtundu wa X2 modutsa katunduyo. Capacitor wamba si ya pamenepa.

Musanalowetse pulagi koyamba, yezani ndi multimeter pakati pa mwendo wamoto wa pulagi ndi mapini onse a pulagi ya kompyuta, chitsulo chake chozungulira, ndi mawaya a 12V. Pasapezeke njira paliponse, relay itagwira komanso itasiya. Tsekani bokosi ndi zomangira zake zonse, ndipo nthawi iliyonse imene mukufuna kulitsegulanso, zulani pulagi pakhoma. Kutumiza 0 mu pulogalamu kumangosiyitsa relay, koma COM ndi fyuzi zimakhalabe ndi moto.